Pulogalamu yokumbutsa mankhwala a BP: tiikemo mapointi kapena ayi?

Thokozani: Moni nonse pagulu pano. Ine ndi anzanga awiri tikupanga pulogalamu ya pa foni yothandiza anthu odwala BP kumwa mankhwala tsiku ndi tsiku. Mbali yokumbutsa tamaliza: nthawi ikakwana foni imalira, munthu n'kudina batani kusonyeza kuti wamwa. Pomwe tasemphana maganizo ndi apa. Mnzanga mmodzi akufuna tiikemo mapointi, mabaji, komanso chiwerengero cha masiku otsatizana amene munthu sanaphonye, chija pa Duolingo, pulogalamu yophunzirira zilankhulo, amati streak. Akuti popanda zimenezi anthu adzaitsegula sabata imodzi basi kenako n'kuitaya. Ine mtima wanga sukukhazikika nazo. Amene munapangapo zoterezi kapena munazigwiritsapo ntchito, tandiuzeni momwe mukuonera.

Chisomo: Mnzanuyo akunena zoona, achemwali. Matenda aakulu a mapulogalamu a zaumoyo ndi oti anthu amawataya msanga. Mu 2019 ofufuza anaunika mapulogalamu otchuka othandiza pa thanzi la m'maganizo, ndipo anapeza kuti pakatha masiku 30, anthu pafupifupi 3 okha pa 100 alionse ndi amene ankawatsegulabe. Pulogalamu yanu ingakhale yanzeru chotani, ngati munthu saitsegula palibe chomwe yachita. Ineyo pa Duolingo streak ndi imene imandibweza ngakhale tsiku lomwe ndatopa kwambiri.

Limbani: A Chisomo, imakubwezani kuti mukatani? Kuti muphunzire chilankhulo, kapena kuti nambala ija isafe?

Chisomo: Zonse ziwiri. Ndikatsegula ndimaphunzirabe kanthu, ngakhale kochepa.

Limbani: Pa chilankhulo n'zotheka, chifukwa kutsegula pulogalamu ndi kuphunzira zimachitikira malo amodzi, pa sikirini pomwepo. Mankhwala samwedwa pa sikirini. Batani lili pa foni, piritsi lili m'botolo. Mukamapereka mphotho chifukwa chodina batani, chomwe mukumuphunzitsa munthu ndi kudina batani. Tsiku lomwe mankhwala amuthera, kapena wawaiwala kunyumba ali paulendo, adzadinabe kuti masiku ake asabwerere pa ziro. Inu mudzaona manambala okongola pa kompyuta yanu, n'kumaganiza kuti zikuyenda, pamene munthuyo sanamwe kanthu.

Ndipo izi zinayesedwapo pa matenda omwewa. Mu 2018 magazini ya JAMA Internal Medicine inatulutsa kafukufuku wa pulogalamu ya Medisafe pa anthu 411 a ku America omwe BP yawo sinkatsika bwino. Patatha masabata 12, amene anali ndi pulogalamu ananena okha kuti akumwa mankhwala bwinoko pang'ono. Koma atayerekeza BP yeniyeniyo, panalibe kusiyana pakati pa iwo ndi gulu lomwe linalibe pulogalamu.

Thokozani: Kafukufuku ameneyu ndimuonetsa mnzanga uja. Koma akundiopsezanso ine, chifukwa akukhudza ngakhale mbali yokumbutsa yomwe tamaliza kale.

Mayi Mwale: Ndilowererepo, ana anga. Ine ndine namwino ndipo odwala BP ndimakumana nawo tsiku lililonse. A Thokozani, musanakangane za mapointi, dzifunseni kaye kuti munthu amasiyiranji mankhwala. Opanga mapulogalamu ambiri amaganiza kuti ndi kuiwala. Kuiwala kulipo, inde, koma si kwenikweni.

BP nthawi zambiri simapweteka. Munthu amamwa mankhwala miyezi iwiri, sakumva kusintha kulikonse chifukwa poyambanso sankamva kanthu, ndiye amati ndachira. Wina tamupatsa mankhwala okodzetsa, akuyenda ulendo wautali kapena ali pa ntchito yoti sangamachokepo pafupipafupi, amangoganiza kuti lero ndidumphe. Wina enalapril akumupatsa kachifuwa kouma kosatha usiku. Wina amlodipine wamutupitsa mapazi mpaka nsapato sikulowa. Onsewa sanaiwale. Asankha, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Foni ikalira nthawi ya mankhwala, munthu wotereyu amaizimitsa akudziwa bwino lomwe chomwe ikunena.

Chomwe chimandipweteka ndi choti ambiri satiuza. Ukamufunsa kuti mukumwa bwino, amayankha kuti inde, maso ali pansi. Ukapempha botolo la mwezi watha, umapeza mapiritsi akadali theka. Sanama chifukwa cha mwano, amaopa kukalipiridwa. Pamene akanati anene za chifuwa chija, dokotala akanamusinthira mankhwala tsiku lomwelo. Bungwe la WHO linalemba kale mu 2003 kuti ngakhale m'mayiko olemera, pafupifupi theka lokha la odwala matenda okhalitsa ndi amene amamwa mankhwala motsatira malangizo. Ndiye pulogalamu yomwe ikuwonjezera chifukwa china chobisira kuti waphonya, ine ndimaiopa.

Bambo Mbewe: Mayi Mwale afika pa mutu weniweni. Ndiwonjezere za m'mabuku pang'ono, chifukwa ntchito imeneyi ili ndi mbiri yake. B.J. Fogg wa pa yunivesite ya Stanford ndi amene anaitchukitsa ndi buku lake la mu 2003 lonena za makompyuta okopa anthu kusintha maganizo ndi zochita. Mu 2009 anafotokoza kuti munthu amachita chinthu pamene zitatu zakumana nthawi imodzi: akufuna, angathe, ndipo china chake chamukumbutsa. Susan Michie ndi anzake ku London anatulutsa njira ina mu 2011, yotchedwa COM-B, yomwe imafunsa za luso la munthu, mpata womwe ali nawo, ndi chilakolako chake. Ine ndimakonda ya Michie chifukwa cha mpatawo. Imakukakamiza kuyang'ana kunja kwa mutu wa munthu: kodi mankhwalawo alipo? kodi kuntchito kwake kuli chimbudzi pafupi?

Alamu yanu, a Thokozani, ikugwira chimodzi chokha, kukumbutsa. Mapointi a mnzanuyo akuyesa kukweza chilakolako. Zomwe atchula Mayi Mwale zambiri zili pa kuthekera ndi mpata, pomwe alamu ndi mapointi safika.

Chisomo: Bambo, ndikumva, koma zikukhala ngati tonse tagwirizana kuti masewera ndi mphotho sizigwira ntchito. Nanga Pokémon Go, masewera a pa foni aja ofuna kuti munthu aziyendayenda panja? Mu 2016 inatulutsa panja anthu mamiliyoni amene madokotala analephera kuwadzutsa pampando kwa zaka.

Limbani: Inawatulutsadi, kwa kanthawi. Ofufuza a ku Harvard analemba m'magazini ya zachipatala ya BMJ chaka chomwecho kuti osewera ankaponda mapazi owonjezera pafupifupi 955 pa tsiku m'sabata yoyamba. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi, kuwonjezerako kunali kutatheratu. Ku Singapore anayesa ndi ndalama zenizeni: antchito 800, ena anapatsidwa Fitbit yokha (kachipangizo kovala kowerenga mapazi), ena Fitbit ndi ndalama akayenda mokwanira. Ndalama zili kuperekedwa anthu ankayenda. Zitasiya pakatha miyezi 6 anabwerera mwakale, ndipo pakutha pa chaka pafupifupi 10 okha pa 100 ndi amene ankavalabe kachipangizoko.

Wondidabwitsa kwambiri ndi wa ku Pittsburgh, wotuluka mu JAMA mu 2016. Achinyamata 471 onenepa, onse pa ndondomeko yofanana ya kadyedwe ndi uphungu, koma theka anawonjezeredwa chipangizo chovala pamkono chowerenga momwe akutakatakira. Patatha zaka ziwiri, ovala chipangizo anataya makilogalamu 3.5, osavala anataya 5.9. Sindikunena kuti chipangizo chimanenepetsa. Ndikunena kuti kumuonetsa munthu manambala sikutanthauza kuti wasintha.

BP si ya masabata asanu ndi limodzi, a Chisomo. Ambiri amamwa mankhwalawa moyo wawo wonse.

Chisomo: Chabwino, koma musangosankha zofufuza zomwe zinalephera. Zilipo zomwe zinatheka. Ku Britain, txt2stop: osuta fodya 5,800, mauthenga a SMS basi. Pakatha miyezi 6, anthu 10.7 pa 100 anali atasiya, poyerekeza ndi 4.9 pa gulu linalo, ndipo sanangokhulupirira mawu awo, anawayeza malovu kapena mpweya. Zinatuluka m'magazini ya zachipatala ya Lancet mu 2011. Ku Switzerland anaika kachipangizo pa shawa koonetsa madzi omwe munthu wagwiritsa ntchito akusamba pomwepo, pali kachithunzi ka chimbalangondo choyera chitaima pa ayezi amene akusungunuka madzi akamapita. Mphamvu yotenthetsera madzi osamba inatsika ndi 22 pa 100. Chimbalangondo chija si masewera?

Limbani: Pamenepo mwandigwira bwino, ndipo zitsanzo zanu ndi zamphamvu. Koma taonani chomwe zikufanana. Pa shawa, chipangizo chikuyeza madzi enieniwo, munthu sangachinamize, ndipo chikumuonetsa dzanja lake lili pa mpopi, nthawi yomwe angathe kutseka. Pa txt2stop, munthu chibaba chikamugwira ankatha kulemba liwu limodzi n'kulandira uthenga womuthandiza nthawi yomweyo. Ndipo panalinso liwu lolemba ukasuta mwangozi, kuti akulimbikitse kupitiriza. Sankamulanda mapointi chifukwa wagwa, ankamudzutsa.

Yamikani: Ine si wopanga mapulogalamu, koma mayi anga amamwa mankhwala a shuga ndi BP, ndiye ndinene zomwe ndinaona ndi maso. Ndinawaikira pulogalamu ina yokumbutsa, dzina ndisatchule. Inali ndi kalendala: tsiku lomwe wamwa limakhala lobiriwira, lomwe waphonya pamabwera mtanda wofiira. Poyamba ankaikonda, ankandionetsa mzere wobiriwira uja akumwetulira. Kenako anadwala chimfine champhamvu, masiku angapo anangogona osagwira foni. Mankhwala ankamwa, ine ndi amene ndinkawapatsa, koma batani palibe ankadina. Atachira anatsegula n'kupeza mitanda yofiira yondondozana, ndi uthenga pamwamba wakuti mwataya masiku anu onse, yambaninso. Anayang'ana kwa kanthawi, kenako anaitembenuza foni chafufumimba patebulo. Kuyambira pamenepo ikalira ankangoti "izimitse iyo". Munthu wamkulu, wolera ana, kachipangizo kakumuuza kuti walephera pa chinthu chomwe sanalephere.

Ndiye a Thokozani, chilichonse chomwe mupange, ganizirani tsiku lomwe munthu wabwerera atasowa sabata. Chomwe aone pa sikirini tsiku limenelo ndi chomwe chidzagamule ngati apitirize.

Thokozani: Pepani kwambiri, a Yamikani, ndipo zikomo pofotokoza. Kalendala yathu ilinso ndi zofiira.

Bambo Mbewe: Zomwe aona a Yamikani ofufuza anaziona kalekale. Mu 2006 kunali pulogalamu yoyesera yotchedwa Fish'n'Steps, momwe nsomba ya pa sikirini inkakula ndi kusangalala munthu akayenda kwambiri, n'kumaoneka yachisoni akapanda kuyenda. Ena mwa oyesawo nsomba ikakhumudwa ankangosiya kuiyang'ana. Sunny Consolvo ndi anzake atapanga UbiFit Garden cha m'ma 2008 anasankha njira ina: munda wa maluwa pa sikirini ya foni, maluwa amaphuka ukachita masewera olimbitsa thupi, koma ukapanda kuchita palibe chofota kapena kufa. Umangoona udzu wobiriwira ndi thambo, sabata yatsopano n'kuyambanso.

Ndipo streak ili ndi bodza mkati mwake. Imanena kuti tsiku limodzi lophonya lafafaniza zonse. Phillippa Lally ndi anzake ku University College London anatsatira anthu 96 amene ankayesa kuzolowera chinthu chatsopano tsiku ndi tsiku. Anapeza kuti kuti chinthu chifike pongochitika chokha pamatenga masiku pafupifupi 66, ngakhale ena zinawatengera 18 ena mpaka 254. Koma anapezanso kuti kuphonya tsiku limodzi sikunkasokoneza kwenikweni kuzolowerako. Thupi ndi ubongo zimakhululuka tsiku limodzi. Ndi pulogalamu yokha yomwe siikhululuka.

Chisomo: Duolingo yomweyo ili ndi njira yotetezera streak ukaphonya tsiku. Tingathe kuchita chimodzimodzi.

Mayi Mwale: Mwana wanga, ndikumva kuti mukufuna kuteteza mtima wa munthu, ndipo n'zabwino. Koma ine monga namwino tsiku lophonyalo ndikulifuna. Ndikufuna ndilidziwe. Ndi tsiku limenelo lomwe limandiuza kuti pali chifuwa, pali kutupa, pali mankhwala atha. Mukaliphimba kuti mzere uoneke wosaduka, mwandibisira wodwala wanga.

Bambo Mbewe: Mayi Mwale, zomwe mukunenazi zikundikumbutsa kafukufuku amene ndikuganiza kuti a Thokozani ayenera kumuwerenga mofatsa kuposa ena onse tatchulawa. Ndi WelTel, ku Kenya, wotsogozedwa ndi Richard Lester, wotuluka mu Lancet mu 2010. Anthu 538 oyamba kumwa ma ARV. Panalibe pulogalamu, panalibe mapointi. Lolemba lililonse m'mawa namwino ankatumiza SMS ya liwu limodzi la Chiswahili lofunsa kuti zikuyenda bwanji. Wodwala ankayankha kuti zili bwino kapena kuti pali vuto. Akayankha kuti pali vuto, kapena akakhala chete masiku awiri, namwino ankamuimbira foni. Patatha chaka, 57 pa 100 a gulu la mauthenga anali ndi kachilombo kochepa kwambiri m'magazi, poyerekeza ndi 48 pa 100 a gulu linalo.

Taonani kuti uthengawo sunkatchula n'komwe mankhwala. Sunkafunsa kuti mwamwa. Unkangotsegula khomo loti munthu anene vuto popanda kuopa, ndipo kuseri kwa khomolo kunali munthu wamoyo.

Kafukufuku wina wa ku Kenya komweko, wa mu 2011, anayerekeza zikumbutso za tsiku lililonse ndi za kamodzi pa sabata. Iwowa ankayeza ndi mabotolo okhala ndi chitsekerero chowerenga nthawi iliyonse yomwe latsegulidwa. Za pa sabata zinathandiza: 53 pa 100 anamwa mankhwala mokwanira, pamene gulu lopanda mauthenga anali 40. Za tsiku lililonse sizinaonetse phindu lodalirika. Chinthu cholira tsiku ndi tsiku chimasanduka ngati phokoso la magalimoto kwa munthu wokhala m'mbali mwa msewu, khutu limaleka kulimva.

Limbani: Ndigwirizane nanu bambo, koma ndiikepo chenjezo kuti tisatengeke. Ku Cape Town anayesa ma SMS pa odwala BP enieni, kafukufuku wotchedwa StAR, anthu oposa 1,300, wotuluka mu 2016. BP inatsika, koma pang'ono kwambiri, pafupifupi 2 mmHg (muyeso wa BP) patatha chaka. Ndipo gulu lomwe linkatha kuyankha mauthenga silinapose gulu longolandira. Ndiye kungoika batani loyankhira si mankhwala. Ine ndimaona kuti mphamvu ya WelTel inali mwa namwino woimba foni uja, osati mu SMS. Ndipo namwino ndi wodula kuposa server.

Thokozani: Ndiye vuto lathu ndi limenelo, a Limbani. Tilipo atatu, tonse olemba ma code. Tilibe namwino. Komanso ndinene zomwe sindinanene poyamba: amene akufuna kuikamo ndalama amatifunsa chinthu chimodzi nthawi zonse, kuti anthu angati amatsegula pulogalamu tsiku lililonse. Mnzanga uja sakukakamira mapointi chifukwa chosaganiza. Akudziwa kuti nambala imeneyo ikatsika, ntchito yonse yaima.

Kondwani: Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ndiyankhulepo chifukwa ndinagwirapo ntchito pa kampani ina yomwe inkayezedwa ndi nambala yomweyo. Mukangolola kuti chipambano chanu chikhale kuchuluka kwa otsegula, chisankho chilichonse chimayamba kupendekera mbali imodzi. Pamsonkhano palibe amanena kuti tiyeni tiwavutitse anthu. Amati tiwonjezere notification imodzi madzulo, tione. Nambala imakwera, notification imakhala. Mwezi wotsatira ina. Batani lozimitsira limasunthidwa kupita mkati mwa masetingi. Harry Brignull anazipatsa dzina zoterezi mu 2010, dark patterns, ndipo pano ku European Union lamulo la Digital Services Act limaletsa mapulatifomu kupanga sikirini zonyenga kapena zokankhira anthu kumene sakufuna. Njira zake ndi zomwezo za Fogg, kusiyana kwake n'kwakuti cholinga chasankhidwa ndi kampani, osati mwini foni.

Pa mankhwala, pulogalamu yogwira bwino ntchito imayenera kufunika mocheperachepera. Munthu akazolowera kumwa piritsi akangotsuka mano, alamu sakuifunanso. Kwa wodwala chimenecho ndi chipambano. Pa lipoti la oika ndalama chimaoneka ngati mwataya kasitomala. Zimenezi muyenera kukambirana nawo poyera tsopano, musanalandire ndalama zawo.

Bambo Mbewe: Ndipo njira ya kutsuka mano yomwe atchula a Kondwani ili ndi umboni wake. Peter Gollwitzer analemba mu 1999 kuti munthu akakonzeratu kuti "zakuti zikachitika, ndichita zakuti", amakwaniritsa kwambiri kusiyana ndi wongoti ndiyesetsa. Ndiye m'malo mofunsa kuti alamu ilire nthawi yanji, tsiku loyamba mufunseni munthu kuti ndi chiyani chomwe amachita m'mawa uliwonse osalephera, ndipo botolo aliika pati. Chikumbutso chizichoka pa foni n'kupita m'moyo wake.

Za mphotho ndiwonjezere chimodzi. Mu 1973 Mark Lepper ndi anzake anayesa ana a sukulu ya mkaka amene ankakonda kale kujambula. Ena anawalonjeza mphotho akajambula. Patapita masiku, mphotho kulibe, ana olonjezedwa aja ankajambula mochepa kuposa anzawo. Odwala ambiri ali kale ndi chifukwa chomwera mankhwala: akufuna kuona zidzukulu zikukula, anaona mbale wawo atafa ziwalo ndi sitiroko. Ndimaopa kuti baji ikhoza kukhala pamalo pa chifukwa chimenecho, baji n'kutha kukoma, munthu n'kutsala wopanda kanthu.

Chisomo: Ndikuvomereza za streak, a Yamikani andikhudza. Koma sindikuvomereza kuti pulogalamu ikhale youma ngati fomu ya kuchipatala. Anthu amafuna kuona kuti akupita patsogolo. Nanga titaika zoti munthu aziona momwe anzake akuchitira? Kampani ya Opower inkatumizira mabanja malipoti oyerekeza magetsi awo ndi a oyandikana nawo, ndipo kagwiritsidwe ntchito kanatsika ndi pafupifupi 2 pa 100 m'manyumba ambirimbiri.

Limbani: Zoona, koma nkhaniyo ili ndi mchira. Ku San Marcos, California, kafukufuku wa mu 2007 anapeza kuti mabanja osamala magetsi atauzidwa kuti anzawo amagwiritsa ntchito ambiri, iwonso anawonjezera. Anachita kuika kankhope komwetulira pa pepala kuti asabwerere m'mbuyo. Tsono taganizani pa mankhwala. Mukanena zoona kuti theka la anthu limaphonya, womwa bwino uja mwamuuza kuti kuphonya n'kwabwinobwino. Mukanama kuti pafupifupi onse amamwa, mwayamba kunyenga odwala.

Mayi Mwale: Ndipo matenda a munthu si mpikisano. Ena safuna ngakhale a m'nyumba mwawo adziwe zomwe akumwa. Uthenga wanu ukamaonekera pa sikirini foni ili patebulo, usatchule dzina la mankhwala kapena matenda.

Kondwani: Pamenepo pomwe, samalani ndi deta. Mu 2021 bungwe la boma la FTC, loteteza ogula ku America, linagwirizana ndi eni pulogalamu ya Flo, yotsatira msambo, pa mlandu woti ankapereka zinsinsi za amayi kwa makampani monga Facebook ndi Google atalonjeza kuti sadzatero. Zambiri zoterezi zimadutsira m'zida zowerengera anthu zomwe opanga amangolumikiza osaganiza. Strava, pulogalamu ya othamanga, inatulutsa mu 2017 mapu a njira zomwe anthu amathamangamo, ndipo mu 2018 zinadziwika kuti mapuwo akuulula malo a misasa ya asilikali. Mndandanda wa mankhwala a munthu umaulula matenda ake onse. Chomwe simukuchifuna kwenikweni musachitolere, ndipo chomwe chingakhale pa foni ya munthu chikhale pomwepo.

Chisomo: Chabwino, mpikisano ndausiya. Koma kupita patsogolo ndikukakamirabe. Ngati batani likhoza kunamizidwa, onetsani chomwe sichinganamizidwe mosavuta. Munthu akayezetsa BP alembe manambala, pulogalamu ijambule mzere wa miyezi. Mayi Mwale anena kuti BP simveka m'thupi. Ndiye ntchito ya sikirini ikhale yomuonetsa munthu chomwe thupi silimuuza: mwezi uno munamwa bwino, taonani mzere watsika. Ndi chimbalangondo cha pa shawa chija, koma cha mtima wake.

Mayi Mwale: Ichi ndiye ndachikonda, a Chisomo. Wodwala akaona yekha kuti 160 yafika pa 135, safunanso kuti ndimukalipire. Koma muikemo mawu omveka oti manambala akakwera kwambiri, makamaka pali mutu waukulu, kupweteka pachifuwa, kusaona bwino kapena dzanzi mbali imodzi, apite kuchipatala msanga osadikira pulogalamu. Ndipo pulogalamu isamuuze munthu kusintha kapena kusiya mankhwala payokha.

Limbani: Nanenso ndagwirizana nazo. Kungoti kuyeza kamodzi kumasinthasintha ndi kutopa, mantha, ngakhale momwe wakhalira pampando. Muzionetsa avereji ya maulendo angapo, kuti munthu asataye mtima ndi nambala ya tsiku limodzi.

Thokozani: Ndalemba zonse. Zomwe ndikapereke kwa anzanga mawa ndi izi. Streak ndi mapointi tisaike, ndipo zofiira pa kalendala tichotse. Pambali pa batani la "ndamwa" pakhale lina la "sindinamwe", lofanana kukula ndi mtundu, ndipo munthu akalidina tizimufunsa chifukwa: ndaiwala, atha, akundivutitsa m'thupi, ndikumva bwino. Yankho lililonse likhale ndi chotsatira chake. Alamu izichepa yokha munthu akazolowera, iye atavomereza, kutsale funso limodzi pa sabata. Mzere wa BP wa a Chisomo ulowe. Chomwe sindinachipeze ndi munthu woimba foni uja.

Yamikani: Bwanji wodwala asankhe yekha munthu mmodzi womudalira, mwana wake kapena mnzake, amene azilandira uthenga akadina kuti pali vuto kapena akakhala chete? Ine ndikanavomera kwa mayi anga. Koma asankhe yekha, ndipo athe kumuchotsa nthawi iliyonse popanda kufotokoza chifukwa.

Mayi Mwale: Kwa kuiwala ndi kutha kwa mankhwala, wachibale angathandize kwambiri. Kwa chifuwa ndi kutupa mapazi, pakufunika wachipatala. Yambani ndi chipatala chimodzi chomwe chingavomere kuti namwino mmodzi aziona mayankho a "akundivutitsa" kamodzi pa sabata. Sadzakhala ambiri monga mukuopera. Ndipo musanalembenso mzere wina wa code, khalani pansi ndi odwala angapo okalamba, muwapatse foni m'manja, inu mukhale chete muone pomwe chala chawo chikukaikira.

Limbani: Pa za oika ndalama, a Thokozani, apatseni nambala ina m'malo mwa ija: anthu angati akukatenga mankhwala atsopano pa nthawi yake, ndi angati BP yawo yatsika pakatha miyezi 6. Ndipo kuyambira tsiku loyamba mukhale ndi gulu loyerekezera nalo lomwe silikugwiritsa ntchito pulogalamu. Mu kafukufuku wa Medisafe uja BP inatsika ndi pafupifupi 10 mmHg m'magulu onse awiri. Akanapanda gulu lachiwirilo akanalengeza kuti pulogalamu yachita zodabwitsa.

Thokozani: Gulu loyerekezera tingalipeze bwanji popanda kumana anthu thandizo?

Limbani: Onse alandire, koma mosiyana nthawi. Theka ayambe pano, theka ayambe pakatha miyezi 6, ndipo amene ayambe liti asankhidwe mwamaere, osati ndi inu kapena namwino. Onse apitirize kulandira chithandizo chawo cha masiku onse. Popeza mukhala mukutolera manambala a odwala, mufunika chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku wa zaumoyo, ndipo wodwala aliyense avomere yekha atafotokozeredwa. Chipatala chomwe mugwirizane nacho chidzakuuzani komwe mungapereke pempholo. Ndikutumizirani ku inbox chitsanzo cha momwe mungalembere ndondomekoyo.

Chisomo: Achemwali, ine ndijambula sikirini ya mzere wa BP ija ndi ya tsiku lobwerera munthu atasowa sabata. Ndiziika pano Lachisanu kuti a Yamikani akawaonetse mayi awo, atiuze ngati akuzimva.

Yamikani: Zilembo zikhale zazikulu, a Chisomo. Magalasi sakhala nawo pafupi nthawi zonse.